Thewera la Tereza Linakafika ku Cuamba

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Mandimba, pali amayi awiri amene amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha.

Ndinaphunzira za mu labotale ku Cuamba, ndipo satifiketi ndili nayo (ili m'sutikesi, ntchito ndiye sinaonekebe). Za tizilombo toyambitsa matenda ankatiphunzitsa a Profesori Mukwepa, bambo wamfupi wa imvi, amene Loweruka ankatitenga kupita kumadambo a ku Etatara kukatola nkhono za likodzo, iwo patsogolo atavala majombo, ife pambuyo ndi zidebe. Tonse ankatiitana kuti "kolega", ngati ndife madokotala anzawo, ngakhale ine amene ndinkaswa magalasi sabata iliyonse. Ndimawasowa masiku amenewo. Ngakhale fungo la mankhwala a m'chipinda chija ndimalisowa.

Koma maphunzirowo anandiwononga pena. Ukaona zimene zimasambira m'dontho limodzi la madzi a pachitsime, mtima sukhalanso m'malo. Mwana wanga Tereza atabadwa ndinasanduka msilikali. Madzi kuwiritsa kawiri. Mlendo aliyense kusamba m'manja asanagwire mwana, ngakhale abusa. Apongozi anga, amene timakhala nawo pakhomo limodzi ndipo amagulitsa nsomba zouma, ankangondiyang'ana.

M'mawa wina, Tereza ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinamasula thewera n'kupezamo tinthu takuda tonga ulusi. Tambirimbiri. Nyongolotsi! Ndipo dzulo lake mwana ndinali nditamusiya ndi apongozi.

"Amayi, mwanayu munamumwetsa madzi ati?"

"A mumtsuko."

"Osawiritsa? Mwandiphera mwana!"

Ndinakuwa choncho pamaso pa anzawo awiri aja, amene anabwera kudzaoda nsomba. (Apa ndi pamene pamandiwawabe.) Apongozi anati, "Tabweretsani ndione," koma ine ndinali nditakulunga kale thewera m'majumbo awiri, mwana kumsana, ulendo wokakwera chapa, minibasi yakwathu kuno.

Mufunsa kuti bwanji osapita kuchipatala chapafupi. Kumeneko kumagwira ntchito mnzanga amene ankandiposa mayeso onse, ndipo sindinafune adziwe kuti mwana wa munthu wophunzira za tizilombo ali ndi nyongolotsi. Ndinkafuna a Profesori basi.

Dzuwa litakwera, jumbo lija linayamba kudzilengeza. Kobradori, wokweza anthu uja, ananunkhiza kawiri.

"Mayi, m'jumbomo muli nsomba yanji?"

"Ndi za sayansi," ndinatero.

"Sayansi yanuyo itulutsireni pawindo."

Ndinayenda choncho mpaka ku Cuamba, dzanja lili kunja, fumbi likundimenya.

A Profesori ndinawapeza akuphunzitsa ophunzira atsopano. "Kolega! Mwatibweretsera chiyani?" Ndinafotokoza misozi ili mbwe. Iwo anayamba ndi mwana: kumuona m'maso, kumusisita pamimba, Tereza n'kuwavula magalasi a maso uku akuseka. Kenaka anapaka pang'ono za m'thewera pagalasi, kuika pa maikulosikopu, n'kuitana ophunzira kuti asuzumire mmodzimmodzi.

Wina anatchula dzina lalitali la Chilatini. Wina anatsutsa, natchula lalitali kuposa. Nanenso ndinasuzumira, ndipo ndinalumbira kuti imodzi yagwedezeka.

"Chabwino," anatero a Profesori. "Ili ndi mutu? Pakamwa mwapaona? Nanga mazira?"

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Kolega, mwanayu anadya nthochi dzulo?"

"Ayi, sanayambe zipatso."

"Taimbani kunyumba."

Ndinaimbira bambo a Tereza, iwo n'kupatsira mayi awo. Foni yanga ndi yaphokoso, ndiye aliyense anamva.

"Theka la nthochi yakupsa," anatero apongozi. "Ndimati ndikuuzeni, koma munali mutathamanga kale ndi katundu wanu. Wafika bwino?"

Ophunzira anagwa nazo. A Profesori sanaseke, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. "Ndi ulusi wa m'nthochi, sugayika," anatero. "Lembani nonse: musanayatse makina, funsani amene anadyetsa mwana." Anajambula chithunzi cha ulusiwo ndi foni yawo, kutigulira tiyi ndi mkate, n'kutiperekeza pokwerera. Ndimamva kuti anapuma ntchito, koma chithunzicho chimaonetsedwabe kwa ophunzira atsopano, ndipo ambiri amati ndi nyongolotsi. Zimenezi zimanditonthozako.

Kunyumba ndiye kunali mlandu weniweni. Ndinagwada pakhonde, nsalu ya kapulana yatsopano m'manja, n'kupepesa pamaso pa amayi awiri omwe aja, chifukwa apongozi anachita kuwaitanitsa.

"Ana asanu ndinalera ku Malawi nthawi ya nkhondo, opanda makina," anatero. "Onse ali moyo. Mmodzi ndi amene munakwatiwa nayeyu."

Kapulana analandira, koma masiku atatu sanandilankhule. Tsiku lachinayi ndili kuchapa, ndinamva akufuula kuti mudzi wonse umve:

"A Dotolo! Tikumupatsa papaya tsopano! Mawa musakwere chapa!"

Ndinaseka, ndipo ndinadziwa kuti andikhululukira. Koma ndisakunamizeni. M'mawa mwake ndinatenga thewera ndi kamtengo, n'kupita nalo kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa limawala bwino.