Tiyi Wokana Kuduka

Okhudzidwa ndi nkhaniyi ndi awa: ine, Bambo Fabiano Mkwate, mphunzitsi wamkulu wopuma, wa kuno kwa Nsamala, akazi anga, Mayi Nasibeko, Agnesi, mwana wa malemu mlongo wanga, amene tinamulera m'nyumba muno, ndi alendo athu awiri a ku Nayuchi, Che Bakali ndi mlongo wawo Abiti Yusufu, amene anabwera monga ankhoswe kudzafunsira Agnesi m'malo mwa mnyamata wa kwawo. Ndatchula mayina onse poyamba kuti pasapezeke wokhotetsa nkhani, poti ndamva kuti ku tchalitchi yayamba kale kumera nthambi.

Ku mishoni kumene ndinaphunzira anatikhomerera mfundo imodzi: chinthu chilichonse chikhale pamalo pake, ndipo chimene chalembedwa kunja ndicho chikhale m'kati. Sukulu zonse zimene ndinayang'anira zinagonjera mfundo imeneyi. Malo amodzi okha ndiwo anandikanika: kabati ya akazi anga.

M'kabatimo munali zitini zisanu ndi chimodzi za masamba a tiyi, wina wa ku Thyolo, wina wa ku Mulanje, wina wodutsa malire kuchokera ku Mozambiki, zambiri zili ndi timasamba totsalira pansi. Ndikafunsa, mayi ankangoti, "Ahedi, zitinizi ndimazidziwa, nazonso zimandidziwa. Si ana a sukulu awa oti muziwaimika pamzere."

Loweruka limene ankhoswe ankabwera, mayi analawirira ku Balaka kukagula buledi ndi zina. Alendo tinkawayembekezera masana. Ndinayang'ana kabati ija, ndinati lero ndi lero. Kodi Abiti Yusufu akasuzumiramo, adzati Agnesi wakulira m'nyumba yotani?

Ndinayala nyuzipepala patebulo n'kuyamba kukhuthula zitini chimodzichimodzi. Zisanu zinatulutsa masamba akuda. Chomaliza, chopindika pachivindikiro, chinatulutsa masamba obiriwira, onyenyeka, ndipo chinali chodzaza kuposa zinzake zonse pamodzi. Ndinavala magalasi, ndinawerenga kunja: tiyi. Ndinakumbukira kuti masiku ano kuli tiyi wobiriwira amene anthu a m'tauni amamwa pofuna kuphwetsa mimba. Kodi ndinanunkhiza? Iyayi! Munthu wodziwa kuwerenga anunkhizirenji? Ndinasakaniza zonse ndi supuni, ndinathira m'chitini chimodzi chachikulu, n'kumatapo kapepala kolemba ndi dzanja langa: TIYI WA ALENDO.

Ndisanamalize n'komwe kudziyamikira, ndinangomva, "Odi kuno!" Ankhoswe aja! Anapeza galimoto yam'mawa, ndipo anafika dzuwa lisanafike pamutu. Ndinawalonjera, ndinawakhazika pabalaza, n'kuthamangira kuseri kumene Agnesi ankakazinga zitumbuwa, manja ali mafuta okhaokha.

"Iwe samala zitumbuwa," ndinatero. "Tiyi ndi ntchito yanga."

"Amalume, mukwanitsa koma?"

"Ndinakwanitsa ana a Sitandade 8, ndilephere ketulo?"

Madzi anawira pambaula, ndinathira masupuni atatu. Ndinasuzumira: mtundu wake ngati madzi a m'dambo. Ndinawonjezera ena atatu. Kubiriwira kunangoipiraipira. Munthu wanzeru akanaimira pamenepo, koma ine sindinaleredwe kusiya ntchito pakati. Ndinakumbukira zimene anthu amanena, kuti ena ogulitsa tiyi amathira kasoda pang'ono kuti tiyi afiire. Khalidwe limeneli ndakhala ndikulidzudzula poyera kuti ndi chinyengo. Tsiku limenelo ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatapa soda, ndinathira. Ketulo inachita thovu n'kuyamba kulira mwachilendo, phwa! phwa! ngati phala.

Posefa ndi pamene ndikanazindikira. Tiyi anakana kudutsa pasefa, anangolendewera kunsi kwake ngati ulimbo. Ndinati sefayi ndi yakale. Ndinamukankha ndi supuni mpaka anagonja, ndinathira mkaka wambiri kuti mtundu ubisike, ndi shuga wosaumira. Kenako ndinapukuta thukuta, ndinavala jekete, ndinakakhala ndi alendo ngati munthu amene sanagwireko ketulo chibadwire.

Agnesi anasamba m'manja, analowa ndi thireyi, anagwada monga tinamuphunzitsira, n'kuyamba kuthira m'kapu ya Che Bakali. Kapu itadzaza anatukula ketulo, koma tiyi sanaduke. Anatukulanso, tiyi anangotamuka. Mwanayo anasunthira ku kapu ya Abiti Yusufu, chingwe cha tiyi chikumutsatira, mpaka makapu awiri aja analumikizana.

Che Bakali ndi munthu waulemu. Anati Bisimila, anapsontha, ndipo potsitsa kapu ulusi unatsala kuchokera pamlomo mpaka patebulo. Anaupukuta pandevu mofatsa.

"Sikomo, aphunzitsi," anatero. "Tiyi uyu... ngokhutitsa."

Pofuna kupereka chitsanzo, ndinanyamula yanga. Anzanga, tiyi ameneyo sankalola kumwa pang'onopang'ono. Ndinangoyamba, yense n'kutsatana kukhosi popanda kupempha chilolezo. Misozi inalengeza, koma ndinalimba mtima.

"Agnesi," ndinatero, "awonjezere alendo."

Abiti Yusufu sanamwe. Anaviika supuni, anaikweza mpaka kufika pamphumi, chingwe chili chigwirire. Kenako anayang'ana Agnesi.

"Mwanangu, tiyi ameneyu waphika ndiwe?"

Agnesi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuzolika. Mwana woleredwa bwino saulula amalume ake pamaso pa alendo, ndipo amene anamuphunzitsa zimenezo ndine. Abiti anatembenukira kwa mlongo wawo n'kuyankhula m'Chiyao, osadziwa kuti ndinaphunzitsako ku Ngokwe ndipo ndimamva bwino lomwe. Anati ngati mtsikanayu akulephera madzi ndi masamba, mwana wawo akadya chiyani? Bwino abwerere kaye akaganize. Dzanja lawo linali litagwira kale chikwama.

Apa ndiye panandithina. Ndikhale chete, ulemu wanga utsale, banja la mwana wa mlongo wanga lithere m'kapu? Ndinaimirira monga ndinkaimiritsira ana olakwa pa asembule, manja kumbuyo.

"Che Bakali, Abiti Yusufu, mwanayu alibe mlandu. Wosakaniza masamba ndine, wowiritsa ndine, wothira soda ndinenso."

"Soda?"

Mawuwo anachokera pakhomo. Mayi Nasibeko anali atafika, dengu lili pamutu. Analitula, analonjera alendo mwaulemu wonse, ndipo atatha anapisa chala m'kapu yanga, anatikita, ananunkhiza.

"Ahedi, chitini chopindika chija chili kuti?"

"Ndachitsuka. Panalembedwa tiyi."

"Munali therere langa la denje limene ndinayanika dzinja lathali! Mwaphikira ankhoswe therere la mkaka ndi shuga? Nanga bwanji simunathiremo ndi tomato yemwe kuti ntchito ithe?"

"Koma mayi, panalembedwa..."

"Pachigubu cha parafini chija panalembedwa mafuta ophikira. Ndikukazingireni mazira?"

Woyamba kuphulika anali Abiti Yusufu. Anaseka mpaka kutsamira khoma, mpango utasendemuka, akupukuta misozi ndi chitenje. Che Bakali anagwira pamimba n'kumati, "Ine ndimadabwa, tiyi wanji wofuna kumutema ndi chikwanje!" Ngakhale Agnesi mapewa ankagwedera. Ine ndinali chiimire, poti palibe anandiuza kuti ndikhale.

Mwamwayi mayi anali atagula paketi ya masamba atsopano. Agnesi anakaphika yekha, ndipo Abiti anamwa makapu awiri n'kufunsanso zitumbuwa. Mumtima ndinalumbira kuti kuyambira tsiku limenelo, ngakhale chitini chitalembedwa ndi abishopu, ndidzayamba ndanunkhiza.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo, koma Che Bakali anakonza kukhosi.

"Ife tinabwera kudzamanga banja latsopano," anatero, "koma poti ndife ankhoswe, tiyambe ndi lakaleli. Amayi, mlandu uwu tiugamule bwanji?"

Anakambirana atatu, ine ndikumva. Pa za Agnesi, Abiti ananena okha kuti mtsikana wolola kusenza manyazi kuti aphimbe amalume ake ndi amene akumufuna, ndipo zokambirana zipitirire tsiku lomwelo. Pa za ine, anagamula kuti kabati ndisadzatsekulenso popanda mwini wake. Ndipo poti ndine amene ndimalalikira kuti kutaya chakudya ndi tchimo, chitini chachikulu chija chisatayidwe: kapepala kasinthidwe, palembedwe TIYI WA AHEDI, ndi dzanja langa lomwe, ndipo ndizimwa m'mawa uliwonse mpaka pansi paoneke.

Ndinapempha kuti mwina sodayo andichotsere. Pempholo linaloledwa.

Chigamulocho Mayi Nasibeko anachivomera. Che Bakali ndi Abiti Yusufu anachivomera poomba m'manja. Agnesi anachivomera atabisa nkhope kuseri kwa thireyi. Womaliza kuvomera ndinali ine, Fabiano Mkwate, ndili chiimire, kapu ili m'manja, kachingwe kakulendewera pachibwano.