Ukaona Zovuta, Uyimbe

Pulani inabadwira pabala ya kuseri kwa depoti, patebulo lotsimphina mwendo umodzi. Mwini pulaniyo anali Injiniya. Sukulu ya zomangamanga anangoinunkhiza. Dzina lokha ndilo linamukanirira.

Dilu yake inali shopu ya mawotchi. Lamulungu masana, eni ake ali kutchalitchi. Khoma la kuseri linali likukonzedwa, ndiye maovolosi, makwerero ndi ndowa zinali zokwanira. Munthu wonyamula makwerero, anatero Injiniya, safunsidwa kumene akupita.

Injiniya ankadana ndi mawu ambiri. Ankati mbava sizigwidwa ndi apolisi, zimagwidwa ndi pakamwa pawo. Choncho aliyense analandira chiganizo chimodzi. Mafunso ayi.

Anayamba ndi Thirakitala, chimunthu cha khosi ngati chitsa. "Iwe, aise, ukanyamule chotilemeretsa."

Thirakitala anagwedeza mutu.

Kenaka anatembenukira kwa mlamu wake, Kwaya. "Iwe pakona. Ukaona zovuta, uyimbe." Ponena izi anadzimenya pachifuwa, kumanzere, pathumba pamene pankakhala foni yake.

Kwaya sanaone thumba. Anaona dzanja pamtima.

Muyenera kumudziwa Kwaya. Makwaya onse a m'tauni anamulandirapo, onsenso anamuperekeza mwaulemu mpaka pageti. Ankagona pabalaza pa alamu akewo, m'nyumba imene ngakhale kung'ung'udza kubafa kunali mlandu. Ntchito iyi anamupemphera ndi achemwali ake, akazi a Injiniya. Injiniya anavomera monyinyirika: akalakwitsa, mphasa yake ikagona panja. Ndiye lero alamu omwewo akumupempha kuti ayimbe? Mochokera pansi pa mtima? Misozi inalengeza. Anafuna kufunsa nyimbo yake, koma anakumbukira lamulo. Anameza funsolo ndi mowa.

Lamulungu linafika. Dzuwa lili paliwombo. Makwerero pakhoma, awiri aja pawindo, lowu. Kwaya pakona, akukonza kukhosi.

Posakhalitsa zovuta zinatulukira. Apolisi awiri, sajeni wa chimimba chachikulu ndi mnzake wamkazi, akuyenda mwaulesi, akukangana za mpira. Shopuyo sanaiyang'ane n'komwe. Akanangodutsa.

Kwaya anatseka maso, natsegula pakamwa.

"Thawani, thawani, abale anga, tsiku lija lafika!"

Nyimbo yopeka pomwepo. Nkhunda zinabalalika padenga. Anthu ochokera kutchalitchi anaima. Mayi wina wa chipewa chachikulu anati mawuwo ndi oona, nalowetsa alito. Wokonza nsapato anayamba kumenya bokosi lake. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Kwaya anayimba popanda womugwira pakamwa. Apolisi nawo anaima kuti aone.

Mkati, Injiniya anasuzumira foni. Zii.

"Zonse bho," anatero, akukoleka mawotchi m'mikono mpaka m'zigongono. Phokoso la panja analimva, koma anati ndi mlaliki wina wasowa mpingo.

Thirakitala mawotchi anawayesa m'manja, nawabweza. Opepuka ngati masamba. Zimenezi zingalemeretse ndani? Anafufuza mpaka anapeza jenereta yakufa imene eni shopu ankatsekera chitseko cha kuseri. Anainyamula, msana unalira. Anamwetulira. Ichi ndiye chinthu.

Panja Kwaya anayamba kuda nkhawa. Vesi yachiwiri yatha, alamu osatuluka. Mwina sakumva. Anaganizira mphasa yake ili pamvula, nayamba kuyenda cholowera kuseri kwa shopu, akukweza mawu. Gulu linamutsatira. Mayi wa chipewa, wokonza nsapato, ana, agalu. Pambuyo penipeni sajeni, akuwomba m'manja mosemphana ndi nyimbo.

"Tulukani, alamu, tulukani, nthawi yatha!"

"Amen," anatero mayi uja.

Anafika pansi pa windo nthawi yabwino. Injiniya anali pakati pa makwerero. Pamwamba pake Thirakitala anali akutulutsa mwendo, jenereta ili paphewa. Makwererowo anapirira pang'ono, kenaka anatula pansi udindo. Khoo! Fumbi koboo.

Nyimbo inaduka. Chimene chinatsala ndi kulira kwa mawotchi m'manja a ovolosi, aliyense nthawi yakeyake.

Injiniya anadzuka chotsimphina, maso ali pa Kwaya. Analankhula mano ali okukuta.

"Galu iwe. Ndinati uyimbe foni."

"Foni simunaitchule, alamu."

"Nanga ichi n'chiyani?" Analoza jenereta.

"Munati chotilemeretsa," anayankha Thirakitala ali chagada. "Tanyamulani muone."

Sajeni anadutsa pakati pa anthu mosafulumira. Anayang'ana windo. Anayang'ana jenereta. Anatchera khutu kumikono ya Injiniya.

"Madala, mukutani kuno Lamulungu lonse lino?"

Injiniya anasasa fumbi paovolosi. Apa mpamene pulani inasungira chiganizo chake chomaliza, ndipo anachitula ndi ulemu wonse.

"Tabwera kudzamanga, bwana."

Sajeni anamasula unyolo palamba.

"Zangokumana bwino. Ifenso."

Mphasa ya Kwaya sinagone panja. Iye ndi alamu ake anangosamukira limodzi kunyumba ina ya mpanda wautali. Kumeneko, akuti, kuli kwaya, ndipo ngakhale atafuna, sangathe kumuperekeza pageti.