Nsomba ya M'thumba la Jekete

Mpaka lero ndikaona mphaka akulowa m'malo odyera, dzanja langa limathamangira lokha pachifuwa. Mkazi wanga amaseka, chifukwa akudziwa kuti ukwati wathu unatsala pang'ono kudyedwa ndi mphaka.

Zinali zaka zija boma litasiya kuika mitengo ya zinthu, aliyense n'kumagulitsa mmene mutu wake wamuuzira. Ine ndinkagwira ntchito pafakitale ina ku Kafue, ndipo masana ndinkadya pakalesitilanti ka amake Joyi, pafupi ndi msika. Poyamba ndinkadya nshima ya nyama ngati munthu. Mtengo utakwera ndinatsikira ku nyemba, nyemba zitakwera ndinatsikira ku masamba a repu, kenako ndinafika pa nshima ndi supu basi (supuyo anali madzi amene nyama inangodutsamo popita kwa ena).

Apa m'pamene ndinatulukira nzeru. M'mawa ndinkagula kansomba kowamba kwa anthu a njinga ochokera ku Chanyanya, n'kukakulunga m'nyuzipepala, n'kukabisa m'thumba la mkati la jekete. Ndikafika kwa amake Joyi ndinkakhala pakona, nkhope kukhoma, n'kumatsina kansombako pang'onopang'ono. Vuto linali lakuti mayiwo ankadana ndi ndiwo zochokera kunja. Akakugwira ankakukalipira mpaka ogulitsa tomato panja amve, ndipo sunkapondamonso.

Tsiku latsokalo, nditangosamba m'manja, analowa a Tembo, amalume ake a Tisa, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Mawu onse a ukwatiwo anali m'manja mwawo, ndipo anali asanayankhe. Ankauza abale kuti akufuna aone kaye ngati mnyamatayo angathe kudyetsa banja. Anali mkulu wopuma ntchito ya njanji, wa taye ndi chipewa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anandiona, nabwera kudzakhala patebulo langa, chipewa n'kuchiika pabenchi mosamala.

Ndinawalonjera nditagwira m'mawondo, mtima ukugunda pansomba penipeni. Atafunsa chifukwa chimene ndikudyera supu yekha, ndinanena kuti kutchalitchi kwathu tikusala nyama sabata ino (Mulungu andikhululukire). Iwo anagwedeza mutu, naitanitsanso nshima ndi supu, akuti adokotala anawaletsa zamafuta. Tinayamba kudya, aliyense akuyamikira mnzake chifukwa cha kudziletsa.

Kenako mphaka wa amake Joyi anatulukira. Anaima, n'kununkhiza m'mwamba, n'kulunjika patebulo lathu. Anadzikhuza pamwendo wanga akuyang'ana jekete. Ndinamukankha ndi phazi mwaulemu, anabwerera. Thukuta linayamba kutsika, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kutsanzikana ndi Tisa. Munthu wobisa ndiwo m'thumba, n'kunamizira Mulungu pamwamba pake, ndani angamupatse mwana?

Mphakayo anandisiya mwadzidzidzi. Analumphira pabenchi, n'kulowetsa mutu pansi pa chipewa cha a Tembo, n'kutulukamo ndi nsomba yowamba, yaikulu kuposa yanga, nyuzipepala ikulendewera. Anathawira nayo kukhitchini.

Amake Joyi anatulukira atagwira m'chiuno.

"Ba Tembo, na imwe? Mdala wa taye, mubwela na ndiyo zanu mu chisote?"

Anthu onse anasiya kutafuna. A Tembo anayang'ana pansi, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndikanatha kukhala chete, n'kutuluka ndili woyera ngati wosala weniweni. Koma ndinaganiza kuti munthu amene wakuona ukuonerera manyazi ake sakukhululukira. Ndinapisa m'jekete, n'kutulutsa kansomba kanga, n'kukaika pakati pa tebulo.

"Amalume, tiyeni tidye iyi. Pusi sanaione."

Pakona ina wina anaseka, n'kutulutsa dzira lowiritsa m'thumba la malaya. Mnzake anasolola tinsomba ta kapenta m'sokosi (ameneyo sindinamuyang'ane kawiri). Amake Joyi anatiyang'ana tonse, nanena kuti ufa nawonso sautola pamsewu, ndipo kuyambira mawa wobwera ndi ndiwo zake azilipira mpando. Ife awiri, monga oyambitsa, anatiuza kuti timalize titulukemo.

Tinagawana kansombako osayang'anana, iwo mutu, ine mchira. Panja anavala chipewa chawo chonunkha utsi, nayenda nane mpaka pamsewu waukulu. Ine ndinkangodikira chigamulo. Pomaliza anaima.

"Uuze akwanu abwere Loweruka. Munthu wotha kubisa ndiwo mpaka mphaka osazipeza, mwana wathu sadzagona ndi njala. Koma za chipewazi zithere pompano."

Ndinalonjeza pomwepo kuti sindidzauza munthu. Lonjezolo ndinalisunga mpaka a Tembo anamwalira, kupatula kwa Tisa, amene anandiumiriza kufotokoza chifukwa chimene amalume ake ankandipatsira mutu wa nsomba nthawi zonse tikawachezera.

Mungaganize kuti ndinasiya khalidweli. Mitengo sinatsike, ndiye ndinangosamukira ku lesitilanti ina, nditafunsa kaye ngati amaweta mphaka.