Nambala ya Mutinta

Ena mkazi amawapulumuka chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha umphawi. Ine anandipulumuka chifukwa cha masamu, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimadziluma chala.

Nditabwera ku Livingstone kudzaphunzitsa masamu pa kasukulu kena ka ku Nakatindi, ndinalibe mnzanga ndi mmodzi yemwe. Loweruka ndinkangoyenda mu Mosi-oa-Tunya Road n'kumaona ngati manambala a galimoto akugawika ndi zitatu (musaseke, kusungulumwa kumafikitsa munthu pamenepo).

Tsiku lina mvula inanditsekereza pakhonde la shopu ku Maramba Market, pamodzi ndi mtsikana wina dzina lake Mutinta, amene anachokera ku Kazungula kudzagula kapenta. Tinacheza, ndipo ankaseka nthabwala zanga, zomwe ngakhale ana a m'kalasi mwanga sachita. Mvula itakata anandiuza nambala yake. Foni yanga inali itatha moto.

"Lembani pa pepa, ba ticha, muzaibala."

Ndinamuyankha mwamatama kuti munthu wa masamu salemba nambala, amaidziwa.

Ndipo ndinayambadi kuidziwa. M'minibasi ndinachotsa ziro wakutsogolo, n'kutsala chinambala cha mamiliyoni mazanamazana. Sinkagawika ndi ziwiri. Ndi zitatu inagawika bwinobwino, koma ndi zisanu ndi zinayi inakana. Ndinakhumudwako kuti sinali ya mtundu wapamwamba uja, wosagawika ndi nambala ina iliyonse (mtsikana ngati ameneyo amayenera yotero). Ndinafufuzanso ngati pali nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe n'kukupatsa ya Mutinta, osaipeza. Pofika kunyumba ndinali nditadziwa zonse za nambalayo, kupatula nambalayo. Koyambirira ndi kumapeto ndinkakumbukira, koma pakati panali phala lokhalokha.

Ndinayamba kuimba mongoyerekeza. Woyamba anali bambo wa ku Kitwe amene anafuna kudziwa wandipatsa nambala ya mkazi wake ndani. Wachiwiri anali m'busa, anandipempherera osandifunsa vuto langa. Wachitatu anali nkhalamba ina ya ku Choma, imene inamvetsera nkhani yonse mwachifatse.

"Manje imwe," inatero, "mukazi akupasani namba, imwe mwayamba kuigaba? Ni nyama?"

Pakhonde paja ndabwererapo kambirimbiri, mvula ikugwa ndi isakugwa. Ogulitsa kapenta anayamba kundiyang'ana ngati wakuba, ndipo Mutinta sindinamuonenso. Chimene chimandiwawa n'choti mwina anadikira foni yanga, kenaka n'kungoti ndine wabodza ngati amuna ena onse.

Nkhalamba ija ndi imene imandiimbira tsopano, Lamulungu lililonse ikaweruka kutchalitchi. Imayamba ndi kufunsa ngati ndamupeza, ine n'kuti ayi. Nayonso ili yokha, mkazi wake anamwalira, ndiye timakamba za ng'ombe zake mpaka foni itaduka yokha.

Phunziro ndinalitola. Masiku ano ndimayenda ndi pepala ndi bolopeni m'thumba la malaya. Kungoti palibenso amene wandiuza kuti ndilembe.