Nyanja Yobwerera Tsiku Lomwelo

Chimene ndimakumbukira si mkokomo wa mafunde ayi. Ndi kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akutsanulira madzi m'beseni pang'onopang'ono: tsee, tsee. Vuto lake linali loti kankamvekera kumbuyo kwanga, mbali imene kunayenera kukhala mtunda.

Ine ndinakulira kwa agogo ku Chiringa, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Sindilankhulalankhula. Ndimakonda kukhala pambali n'kumaonerera, moti kwathu ankanditama kuti palibe chimene chimandidutsa (dikirani mumve). Nditamaliza mayeso a Fomu 4, amalume anga a Namalomba, omwe amaoda nsomba zouma ku Mozambiki, anati ndiwaperekeze ku Quelimane ndikapumeko. Agogo anandipempha chinthu chimodzi. Makolo awo anachokera mbali imeneyo ndipo ankasimba za nyanja ya madzi amchere, koma iwo sanaionepo.

"Ukaijambule ndidzaione," anatero. "Iwenso uonekemo, ndisadzaganize kuti wangotola chithunzi cha eni."

Foni ndinalibe. Mumzinda muja ndinkabwereka ya amalume, n'kumajambula mitengo ya kokonati, tchalitchi chakale ndi njinga za kabaza zochuluka kuposa za kwathu. Amalume atamaliza zogula, tinakwera minibasi kupita ku gombe la Zalala. Titafika anandipatsa foni ija, koma sanaisiye msanga.

"Mphwanga, umu muli manambala a anthu onse amene ndimagulako nsomba. Likangolowa dontho limodzi, ubwerera wapansi mpaka ku Chiringa."

"Ndamva, amalume."

"Wamva kapena wangoyankha?"

Anagona pansi pa mtengo n'kudziphimba kumaso ndi chipewa.

Nyanja inali kutali kwambiri. Pakati pa ine ndi madzi panali mchenga wonyowa, wosalala, utali ngati mabwalo angapo a mpira. Ndinagwedeza mutu ngati katswiri, chifukwa izi ndinaziona ku Chilwa. Kwathu nyanja ikaphwa ndiye yaphwa. Anthu amadutsapo ndi njinga, ena amadzalapo mbewu, madzi n'kudzabwerera mvula ikagwa. Kunali kotentha, kumwamba kopanda kamtambo, ndipo ndinawamvera chisoni anthu a kumeneko kuti nawonso nyanja yawaumira.

Nditayenda ndithu ndinapeza kakhwawa ka madzi olekeza m'miyendo, pansi pake pali matope. Buluku limene ndinavala linali la kutchalitchi, labwino lokhalo limene ndinali nalo. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kulivula. Ndinalipinda bwinobwino, kulisanjika pa nsapato, n'kutsindira ndi chigoba cha kokonati kuti lisauluke ndi mphepo (mphepo, abale, ndiye mdani amene ndinamuganizira). Ndinatsala ndi malaya ndi kabudula wam'kati. Chithunzi chikalekeza pachifuwa, ndinatero, agogo sadzadziwa.

Nditawoloka ndinakumana ndi asodzi akubwerera kumtunda, maukonde ali pamapewa, akuyenda mofulumira. Aliyense ankapita kumene ine ndinkachokera. Mkulu wina wa imvi anaima, n'kumandikuwira m'chilankhulo chawo uku akuponya manja. Kachilomwe kanga sikanathandize. Ndinaganiza kuti akundilonjera, ndiye ndinawajambula. Iwo anagwira mutu ndi manja onse awiri. Ndinawajambulanso.

Ndinafika pamadzi penipeni, ndinatembenuza foni, ndinamwetulira, ndinadzijambula. Nditatembenukiranso kunyanja ndi pomwe ndinamva kaphokoso kaja.

Nditacheuka, kakhwawa kaja kanali mtsinje. Madzi ankalowa chammbali, mwakachetechete, ndipo ine ndinali pa kachilumba ka mchenga komwe kankachepa ndikuyang'ana. Kusambira sindidziwa. Agogo, poti ndinatsala ndekha, sankandilola ngakhale kuyandikira mtsinje wodzaza.

"Amalume!" Mawu anga ndi aang'ono kale. Tsiku limenelo ngakhale ineyo sindinawamve.

Ndinalowa m'madzi. M'mawondo. M'chiuno. Foni ndinaichotsa m'thumba la malaya n'kuikweza m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Mchenga unkathawa pansi pa mapazi anga, madzi akundikokera cham'mbali. Atafika pachifuwa ndinaona chinthu chakuda chikuyandama kumanzere kwanga, miyendo chitatambasula ngati munthu amene akusangalala ndi tchuthi. Linali buluku langa. Linadutsa pafupi moti ndikanangodumpha pang'ono ndikanaligwira, koma kudumphako ndiye kumiza foni. Tinayang'anizana, ilo n'kupitirira ulendo wake.

Funde linandimenya kumaso, ndinameza madzi (makolo a agogo sananame, ndi amcheredi). Ndikutsokomola ndinamva mawu a amalume kumtunda.

"Kweza dzanja! Dzanjalo, iwe! Lisatsike!"

Za mutu wanga sananenepo kanthu.

Phazi langa linaponda pokuya, madzi anafika pachibwano, ndipo ndinayamba pemphero lopanda mutu wake. Mwadzidzidzi ndinamva wina wandigwira pakolala. Anali mkulu wa imvi uja. Anandikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika, akulankhula zinthu zimene sindinafune kuti wina andimasulire, mpaka mapazi anga anagunda mchenga wouma.

Amalume anandilanda foni, anaipukuta ndi chipewa, anaidina.

"Yayaka," anatero, n'kupuma mozama. Kenako ndi pomwe anandiyang'ana kuyambira kumutu kutsika. "Nanga buluku?"

"Lapita, amalume."

"Lapita kuti?"

Ndinaloza kunyanja.

"Iwe, nyanja iyi imapita n'kubwera tsiku lililonse! Unaiyesa Chilwa?"

"Simunandiuze."

"Unandifunsa? Anthu onse akuthawa, iwe wekha ukuwajambula!"

Anali ndi mfundo. Munthu woonerera ngati ine amaona zonse, koma safunsa chilichonse, ndipo ndikuvomera kuti mpaka lero ndikafika kwachilendo ndimayamba ndasochera kenako n'kufunsa njira. Chithunzi chija agogo anachiona. Ndikumwetulira mano onse pamtunda, nyanja ili kumbuyo. Koma ataona zithunzi za mkulu wa imvi uja, chimene anafunsa n'choti kodi bambo ogwira mutuwo anali ataferedwa.

Koma pagombe paja nkhani inali isanathe. Minibasi yobwerera kumzinda inali kudikira, ine ndili chiimire ndi kabudula wam'kati wonyowa, nsapato ndilibe, amayi ogulitsa nsomba andizungulira. Ena ankaseka mobisa, ena ayi ndithu. Ndinakokera malaya pansi, koma malaya anali ndi polekezera pake. Mayi wina wachikulire anatula beseni lake, anamasula chitenje chapamwamba m'chiuno mwake, chonunkha nsomba, n'kundiikira m'manja. Anasenza beseni lija n'kumapita.