Vayisi Yowerama Yokha

Lolemba
Amake Joana akana. Chikwatiranireni, ndi iwo amandigwirira zitsulo ndikamawotcherera kuseri kwa nyumba. Lero andionetsa manja: tizipsera tokhatokha, maso psuu ngati tsabola. "Nkhabe, abambo a Joana. Munakwatira mkazi, osati vayisi." Zandipweteka, chifukwa n'zoona. Ndalumbira kuti sadzagwiranso chitsulo. Ndipanga vayisi yopanira zitsulo, yopendekeka mbali iliyonse yomwe ndafuna. Malume a ku Makhanga akudikira zitsulo zochirikiza khola la mbuzi la m'mwamba madzi asanatseke msewu. Kantchito kochepa aka!

Lachiwiri
Ku Bangula, pa mulu wa zitsulo zakutha. Ndapeza:
vayisi yakale yopanda chogwirira,
hinji ya geti,
bawuti wa ngolo ndi nati wosakhala wake,
habu ya njinga. Ntchito yake sindikuidziwa, koma yandikongolera.
Wogulitsa akufunsa ngati ndikupanga ndege. Aona!

Lachitatu
Kuti ndilumikize hinji ku vayisi, pakufunika munthu wogwira. Vayisi yofuna vayisi inzake! Amake Joana akudutsa ndi ndowa, osacheuka n'komwe. Ndapanikiza ndi njerwa, kwinako ndi phazi. Patapata wasungunuka. Chala chachikulu chikudziwa bwino nkhaniyi.

Lachinayi
Yatheka! Ikuwerama, ikudzuka, ikutembenuka. Ndaitana aneba adzaone. Ndamanga chitsulo, ndapendeketsa, ndakhwimitsa bawuti, ndavala magalasi akuda. Moto! Povula magalasi ndikupeza vayisi yawerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi, chitsulo chagwira mokhota. Aneba akuyamikira, "Pyadidi, pyadidi," akupita mapewa akugwedera.

Lachisanu
Ndalowetsa mphira wa chubu mu hinji kuti ilimbe. Mphira wapsa, bwalo lonse fungo. Ndakhwimitsa ndi sipanala, ndawonjezera paipi ku sipanala, thukuta kamukamu. Chosautsa n'chakuti siigwa kamodzi n'kamodzi. Imatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, iwe uli mumdima wa magalasi ukudziyesa katswiri. Zochirikiza zonse zatha, chilichonse ndi kona yakeyake. Mbuzi za malume zizidzagona chotsetsereka.

Loweruka
Malume aimba foni: kumapiri mitambo yayamba kuda. Ndawauza kuti zatsala pang'ono. Bodza! Ndadula zonse ndi girenda, ndiyambirenso. Ndakhala pansi pa mtengo wa masawu, manja m'masaya. Amake Joana andibweretsera madzi, ayang'ana vayisi nthawi yaitali. Ndafuna kuwapempha kuti andigwirire, koma ndinalumbira. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane wobatiza uja, langali lindiphera mbuzi za eni.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi, vayisi kulibe pa benchi. Ili pakati pa bwalo, amake Joana amangapo kasola kathu kotchajira foni. Masana ano aiyang'anitsa kumwamba, ndiye ikuwerama yokha kutsata dzuwa mpaka kulowa. Foni yadzadza koyamba chigulireni.

Madzulo atenga magalasi anga akuda, awavala, awakhala bwino. "Ndaonerera mokwanira," akutero. "Mawa muzigwira inu, ndiziwotcherera ine."

Ndavomera. Lonjezo lasungika, sakugwira chitsulo. Khola la malume lipita pa nthawi yake.

Vayisi yopendekeka mbali iliyonse ndaipeza ndithu. Ndine. Mawa ndivala nsapato.