Makatoni Khumi ndi Awiri a ku Nthambi ya Magetsi

M'chigwa china, kumene msewu wa tala umathera ndipo minibasi zimatembenukira, muli mudzi umene sitiutchula dzina chifukwa eni ake akali moyo ndipo amawerenga nyuzi.

Mudziwu unali ndi chonyadira chimodzi: sukulu ya ntchito zamanja, yokhala ndi Nthambi ya Ukadaulo wa Magetsi ndi Zipangizo Zamakono. Akuluakulu analipo okwanira. Panali Wolemekezeka Mkulu wa Sukulu, a Chikafa, ovala jekete ngakhale mu Okutobala. Panali Mkulu wa Nthambi, Wachiwiri wake, ndi Wothandizira Wachiwiriyo. Panalinso Mayi Nangondo, Msungi Wamkulu wa Makiyi ndi Katundu Wosakhudzidwa. Onsewa ankakhala pamisonkhano kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, choncho kantchito kophunzitsa anakasiyira munthu waganyu, a Yotamu Chimbalanga.

A Chimbalanga ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi pa njinga yakapalasa. Masiku enawo ankakonza mawailesi pakhonde la golosale kumsika. Anali a m'badwo uja wakale, pamene wailesi inkakhala m'nyumba zaka makumi awiri, mabatire akafooka n'kumawayanika padenga kuti atolere mphamvu. Amisiri a nthawi imeneyo ankangonunkhiza wailesi n'kudziwa chapsa. Masiku ano atsala ochepa.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, anthu akufuna kwabwino a kunja anapatsa sukuluyi makatoni khumi ndi awiri a zida zophunzirira. Tsiku lolandira kunavinidwa. Madzulo ake makatoniwo anawatsekera m'chipinda cha maloko awiri, ngati mbale zija zadothi zimene amayi amasunga m'kabati kudikira alendo, ana akudyera m'zapulasitiki. Mlendo wofunika akabwera, ankamutsegulira chitseko, n'kuona makatoni ataima pakhomo, n'kuwomba m'manja. Chitseko n'kutsekedwanso.

Ophunzira ankazidziwa zidazo pa bolodi. A Chimbalanga ankajambula mita yoyezera magetsi ndi choko, ndipo aliyense ankabwera kutsogolo kudzaloza pamene akanagwira ikanakhala kuti ilipo.

Kenako kunabwera kalata. Chaka chimenecho mayeso adzakhala a manja: wophunzira aliyense adzagwira zida pamaso pa woyesa wochokera ku likulu. A Chimbalanga anathamangira ku ofesi, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ndapota nanu, titsegulireni chipinda chija. Ophunzirawa sanagwirepo ngakhale pulayazi ya sukulu."

"A Chimbalanga," anatero a Chikafa osadzutsa mutu, "inu pano ndinu wa masiku angati?"

"Awiri, bwana."

"Ndiye munthu wa masiku awiri azifuna kiyi wa sabata yonse? Zida zija n'zatsopano. Mukazigwira zikhala zakale. Alendo tidzawaonetsa chiyani?"

"Nanga mayeso, bwana?"

"Akakhoza, tidzadziwa kuti utsogoleri uli bwino. Akalakwa, tidzadziwa kuti mphunzitsi ndi wolephera, ndipo ganyu yanu idzathera pomwepo. Mutseke chitseko potuluka."

A Chimbalanga anapita kwa Mayi Nangondo, amene anawapeza akusenda mtedza pa desiki.

"Iii, achimwene, kiyi wa loko wam'mwamba ndili naye," anatero mayiwo, "koma wam'munsi ali ndi a Wachiwiri."

"Ali kuti a Wachiwiriwo?"

"Ku tauni. Ali ku maphunziro a milungu itatu, okhudza kufunika kogwiritsa ntchito zida."

Tsiku la mayeso linafika chipinda chili chitsekere. Woyesayo anali mayi wamfupi wovala ovolosi, wosakonda zolankhula zambiri. A Chikafa anamulandira ndi mawu a masamba anayi, kenako anamutsogolera kukhomo la chipinda cha zida chija, maloko n'kutsegulidwa mwaulemu.

"Monga mukuonera, mayi, zida tili nazo. Tingapite kukamwa tiyi."

"Muli chiyani m'menemo?" anafunsa mayiyo.

A Chikafa anayang'ana Mkulu wa Nthambi. Mkulu wa Nthambi anayang'ana Wachiwiri wake. Wachiwiri anayang'ana Wothandizira, amene anayamba kumanga chingwe cha nsapato. Apa a Chimbalanga, omwe kwa zaka zonsezi ankawerenga zolembedwa pamakatoniwo kudzera pawindo, mtima unawakwera.

"Yoyambayo muli mamita oyezera magetsi makumi awiri, mayi. Yachiwiri muli zowotcherera mawaya. Yachitatu ndi yachinayi muli makina oonetsa mmene magetsi akuyendera. Ingotsegulani, ophunzirawa agwire lero lokha."

"Tsegulani," analamula mayiyo.

M'katoni yoyamba munali njerwa. Yachiwiri, njerwa. Mpaka ya khumi ndi chiwiri, njerwa zokhazokha, zoyalidwa bwino, udzu pakati kuti zisagundane. Zonse zinali ndi kona imodzi yopindika, monga zimakhalira njerwa za chikombole chimodzi, ndipo m'mudzi monsemo njerwa zotere zinkapezeka pa mpanda wa nyumba ya a Chikafa pokha. Aliyense anaona. Aliyense anayang'ana kudenga.

Woyesayo anaimika mayeso, nalamula kuti pofika Lachisanu wakubayo akhale atadziwika, ndipo anakwera galimoto tiyi osamwa.

M'mawa mwake inakhala pansi Komiti Yapadera Yofufuza za Kusanduka kwa Zida, wapampando wake a Chikafa. Anayamba ndi mfundo imene onse anaivomereza ndi mitu: munthu saba chinthu chimene sakudziwa ntchito yake. Choncho funso linali limodzi.

"A Mkulu wa Nthambi, za magetsi mumazidziwa?"

"Ine, bwana? Ndilumbire pano? Babu la kuchipinda kwanga amandiikira ndi mlamu wanga."

"Zikomo, khalani pansi. A Wachiwiri?"

"Ine ndikaona waya pansi ndimamulambalala ngati njoka. Mufunse akazi anga."

Wothandizira anachita kuitana mboni ziwiri zotsimikiza kuti tsiku lina anayesa kuyatsa wailesi n'kulephera. Mayi Nangondo anati iwo ntchito yawo imathera pa loko, za mkati sazilowerera. A Chikafa nawo anadzifunsa okha, nadziyankha okha kuti anaphunzira za utsogoleri, ndipo komiti inakhutira. Sipanaonekepo anthu onyadira umbuli wawo ngati tsiku limenelo; wina akanena kuti sadziwa, mnzake ankaimirira kunena kuti sadziwa kuposa pamenepo.

"A Chimbalanga, imani," anatero a Chikafa. "Tiuzeni. Mita yoyezera magetsi ntchito yake n'chiyani?"

Bambo aja akanatha kunama. Koma munthu amene wadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti wina pasukulupo amufunse funso limeneli sangalibweze. Anafotokoza za waya wofiira ndi wakuda, za poika ndi posaika, manja akuyenda m'mwamba, nkhope ikuwala. Mlembi wa komiti ankangolemba.

"Mwamvatu nokha," anatero a Chikafa. "Ndipo dzulo munatchula za m'katoni iliyonse osaitsegula."

"Zalembedwa kunja, bwana! Komanso ine kiyi sindinamugwirepo. Munandikaniza ndinu."

"Kiyi si nkhani, madala. Kiyi tonsefe tili naye. Chimene tilibe ndi nzeru zodziwa choba, ndipo pasukulu pano zili ndi inu nokha."

"Nanga njerwazo ndazitenga kuti? Ine nyumba yanga ndi ya zidina."

"Apo ndiye pakuonetsa kuchenjera kwanu."

Chigamulo chinatuluka nthawi ya chakudya isanakwane. A Yotamu Chimbalanga anachotsedwa ntchito chifukwa chopezeka ndi luso lokayikitsa. Anakankha njinga yawo mpaka pageti, ophunzira akuwayang'ana pawindo. Njerwa zija, pokhala umboni wofunika, anakazisunga a Chikafa kunyumba kwawo, pamwamba pa mpanda, n'kuzimata ndi simenti kuti zisabedwe.

Komiti inaonetsetsanso kuti vuto lotere lisadzachitikenso. Lolemba lotsatira pageti panakhomedwa chidziwitso: "Pakufunika mphunzitsi waganyu wa za magetsi. Akhale wokhulupirika, wosatha kusiyanitsa waya ndi luzi. Amene anakonzapo wailesi asavutike n'kulemba."

Anthu a m'mudzimo anayesa mwayi, koma onse anagwa pa mayeso. Wina zinadziwika kuti anasinthapo mabatire a tochi. Wina anavomera yekha kuti analumikizapo waya wa nyale ya sola. Patatha masabata awiri, komiti inalengeza kuti m'chigwa chonsecho yapeza munthu mmodzi yekha wokwaniritsa zonse zofunika, wa mbiri yoyera, wosakhudzidwapo ndi magetsi chibadwire.

Lachiwiri m'mawa, Mkulu wa Nthambi ya Ukadaulo wa Magetsi ndi Zipangizo Zamakono analowa m'kalasi koyamba kukaphunzitsa.